Ndege za Mapesi ndi Khomo Lolowera

Mwana wokulira ku Chileka sachita kuuzidwa kuti ndege n'chiyani. Amayamba kuimva ali kumsana kwa amake, ndipo akamasinkhuka amapeza kuti ngakhale akuluakulu akakhala kumunda amadziwira nthawi kuphokoso la ndege imene yatera kapena kunyamuka. Bwalo la ndege la Chileka ndilo lidali khomo lalikulu la dziko lino kufikira mu 1983 pamene bwalo la Kamuzu lidatsegulidwa ku Lilongwe. Ndi pabwalo limeneli pamene Dr Hastings Kamuzu Banda adatsikira pa 6 Julayi 1958 pobwera kudzatsogolera ntchito yothetsa chitaganya, ndipo mpomwenso Papa John Paul II adatera mu Meyi 1989. Kampani ya Air Malawi, yomwe idayamba mu 1964 n'kutha mu 2013, inkasungira ndi kukonzera ndege zake pomwepa, kotero kuti m'midzi yozungulira bwaloli simusowa munthu amene bambo ake kapena amalume ake adagwirapo ntchito kundege.

N'zosadabwitsa tsono kuti pamene ana a madera ena amalimbikira magalimoto a waya, ana a kwathu amapanga ndege. Zina ndi za waya zoyendetsa pansi ndi kamtengo, zina ndi makaiti a majumbo okwera m'mwamba ndi ulusi, ndipo zina, zomwe ndi zovuta kuposa zonse, ndi zoponya ndi dzanja kuti ziyandame zokha mumphepo. Masewerawa sakoma munthu ali yekha. Pamafunika woponya, woyang'ana kumene mphepo ikuchokera ndi wothamangira ndege ikagwera kutali, motero ana amapanga timagulu. Paliponse pamene pali gulu pamabuka funso lomwe limavutitsanso mipingo, zipani ndi mabanki a m'mudzi: alowe ndani, atsale panja ndani, nanga mwini wake wonena zimenezi ndani? Ine funsoli lidandipeza mu 2014 ndili ndi zaka 11, m'magulu awiri a ana, lina ku Chileka kwathu, lina ku Lirangwe kwa agogo anga.

Gulu la ku Chileka lidali la anyamata 14, ndipo achimwene anga ndiwo adali mlembi. Ankakumana Loweruka masana pabwalo la mpira la sukulu ina ya pulayimale. Adali ndi kope lomwe adalembamo malamulo anayi a munthu wofuna kulowa. Loyamba, azisonkha K50 pasabata. Lachiwiri, abwere ndi ndege yopanga yekha yomwe iuluke mapazi 20 isanakhudze pansi. Lachitatu, akhale wa m'mudzi mwathu kapena midzi iwiri yoyandikana nafe. Lachinayi, asakhale mtsikana.

Malamulo atatu oyambawo adali ndi zifukwa zomveka. Ndalama ankagulira guluu, tepi ndi mabatire, komanso timamota ta mawailesi owonongeka tomwe ankakapempha kapena kugula kwa okonza mawailesi pamsika. Adagulanso pulayazi imodzi yomwe inkasungidwa ndi msungichuma. Ku Chileka, pokhala kufupi ndi tauni, mwana wochangamuka amatha kupeza K50 potungira anthu madzi kapena kutola mabotolo, choncho sonkhasonkhayo sidali mtolo wolemetsa. Lamulo la ndege yopanga wekha linkateteza gulu kwa anthu ongofuna kudzaononga za anzawo, ndipo lamulo la midzi lidabwera pulayazi yoyamba itapita ndi mnyamata wina amene kwawo palibe ankakudziwa. Lamulo lachinayi lokha ndilo lidalibe phazi loimapo.

Ine ndege ndidaphunzira kupanga pongoonera achimwene pakhonde. Thupi lake limakhala la phesi louma la chimanga, loongoka bwino. Mapiko amadulidwa ku zoyera zopepuka zija zimene amatchinjirizira wailesi yakanema m'katoni, ndipo nsonga zake amazikweza pang'ono kuti ndege ikapendekeka izidzibweza yokha. Kumphuno amabaya kamsomali kuti kulemereko. Tsiku lina nditamaliza yanga ndidaitenga pamodzi ndi K50 yomwe amayi adandipatsa nditawagulitsira zitumbuwa.

"Achimwene, ndilembeni m'kope lanu lija. Ndalama nayi, ndege nayi," ndidatero.

Iwo adaitembenuza ndege ija uku ndi uku, n'kuiponya pabwalo. Idauluka bwino lomwe. Kenaka adandibwezera nati, "Iwe, lamulo si langa ndekha ayi. Tidagwirizana tonse pokweza manja. Tikalowetsa mtsikana mmodzi anyamata a kutsidya adzatiseka kuti tayamba masanje."

Mawu amenewa ndimawakumbukirabe chifukwa adali oona. Palibe mphunzitsi, kholo kapena mfumu idawauza anyamatawo kuti atsekere atsikana kunja. Lamulolo adalipanga okha, mwaufulu wawo, atakambirana ndi kuvota. Gululo linkadzilamulira lokha monga momwe anthu ambiri amafunira kuti magulu azikhalira, ndipo kudzilamulira komweko ndiko kudandikhazika pachulu n'kumaonera patali Loweruka lililonse.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Patchuthi cha mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho amayi adanditumiza kwa agogo ku Lirangwe. Kuchokera kwathu munthu amakwera minibasi kukatsika pa Kameza, n'kukweranso ina yodzera ku Lunzu mumsewu wa M1. Ku Lirangwe ndege zimadutsa zili kutali m'mwamba, koma malo oulutsira za mapesi ndi ochuluka, chifukwa anthu akakolola minda imakhala yayeruyeru ndipo mphepo ya nyengo imeneyo imaomba tsiku lonse. Kumeneko ndidapeza gulu la ana oposa 20, anyamata ndi atsikana pamodzi, lotsogozedwa ndi mnyamata wa Sitandade 8 amene anzake ankangomutcha kuti kaputeni.

Gulu limeneli lidalibe kope, lidalibenso msungichuma poti panalibe chuma choti n'kusunga. Wofuna kulowa ankayamba wakhala wotola kwa masabata awiri. Ntchito ya wotola idali kuthamangira ndege za anzake zikagwa m'mizere, kusankha mapesi abwino ndi kusomola ulusi m'matumba akale a feteleza. Sidali ntchito yamasewera, pakuti m'minda imeneyo muli minga ndipo ambiri tinkayenda opanda nsapato. Masabata awiriwo akatha, wotola uja ankapatsidwa lumo n'kuphunzitsidwa kudula phiko. Palibe adandifunsa kuti ndine wa mudzi uti kapena kuti ndili ndi ndalama zingati. Kaputeni adangoti, "Mlendo, uyambe mawa. Ukatopa n'kusiya, usabwererenso."

Amene adandiphunzitsa zenizeni ndi msuweni wanga, mtsikana wondiposa chaka chimodzi. Iye sankaponya ndege asanaiike pansonga za zala ziwiri, chala chimodzi pansi pa phiko lililonse, cha kutsogolo pang'ono kwa pakati pa phikolo. Ikaweramira kumchira ankaonjezera kamwala kumphuno, ikaweramira kwambiri kumphuno ankachotsako. Ankati ndege yolemera kumbuyo imadzuka ngati tambala wofuna kulira kenaka n'kugwa chagada, pamene yolemera kutsogolo imangothamangira pansi ngati nkhwali. Ankaletsanso kuponya motsata mphepo, ati ndege imafuna mphepo yoiomba kumaso. Patapita zaka ndidadzawerenga zomwezi m'mabuku a sayansi, zitalembedwa ndi mawu akuluakulu a Chingerezi, koma mfundo yake idali yomwe ija ya zala ziwiri.

Ndisanamizire kuti ku Lirangwe kudali kumwamba. Nakonso kudali lamulo lowawa: ndege iliyonse yopangidwa m'gulu idali ya gulu. Dzuwa likamalowa zonse zinkakasungidwa kudenga la khitchini ya amake a kaputeni, ndipo mnyamata wina amene adabisa yake m'nkhokwe ya kwawo adachotsedwa tsiku lomwelo. Chifukwa chake chidali chakuti zipangizo zidali zosowa. Katoni ya wailesi yakanema siifika kawirikawiri m'mudzi, choncho phiko la ndege yothyoka linkadulidwanso kukhala mchira wa ndege ina. Tchuthi chitatha ndidasiya ndege zanga ziwiri kudenga lija, misozi ili m'maso. Komabe ndidabwerera ku Chileka ndikudziwa kuti magulu awiri ochita masewera amodzi angathe kukhala ndi makomo osiyana, lililonse lolingana ndi zomwe eni ake ali nazo. A ku Chileka adali ndi timakobidi koma malo ochepa, a ku Lirangwe adali ndi malo ndi miyendo koma makobidi ayi.

Mu 2015 gulu la achimwene lidalandira lamulo lomwe silidachokere m'kope lawo. Amfumu adaitanitsa makolo n'kuwauza kuti ana aleke kuulutsa makaiti pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege ndiponso kumbali imene ndege zimatsikira. Anyamata adang'ung'udza kuti kaiti ya jumbo singagwetse chindege chachitsulo, koma bambo adawayankha mwachidule kuti nkhuyu zodya ana zidapota akulu, ndipo kuti tsiku lomwe ulusi udzakodwe pomwe suyenera kukodwa, apolisi sadzafunsa za wapampando wa gulu koma za mwini nyumba. Gulu lidasamukira kubwalo lina lakutali. Palibe adavota pankhaniyi, ndipo m'maganizo mwanga nkoyenera kuti padalibe voti.

Mlengalenga muli mwini wake. Pangano la mayiko la za maulendo a ndege lomwe lidasainidwa ku Chicago mu 1944 limayamba ndi mfundo yakuti dziko lililonse ndilo lili ndi ulamuliro pamlengalenga mwake, ndipo lidanenanso kale za ndege zopanda woyendetsa kuti sizingauluke pamwamba pa dziko la eni popanda chilolezo. Kanthu kakang'ono kangathe kuimitsa ntchito yaikulu. Mu Disembala 2018 bwalo la ndege la Gatwick ku England lidatsekedwa anthu atanena kuti aona ma drone pafupi ndi msewu wa ndege, ndipo maulendo pafupifupi 1,000 adasokonekera, kukhudza anthu oposa 100,000 amene ankapita kukadya Khirisimasi. Kwathu komwe, mu Januwale 2019, kampani ya South African Airways idaimitsa kwa kanthawi maulendo ake a ku Chileka pa zifukwa za chitetezo, ndipo chimodzi mwa zifukwazo chidali kuonongeka kwa mpanda wa bwalolo. Nkhani za mtundu umenewu sizingasiyidwe m'manja mwa ana 14 okweza manja pabwalo la mpira.

Lamulo lachiwiri lochokera kunja lidafika mu 2016, ndipo ili ndilo landichititsa kulemba nkhani ino. Chaka chimenecho dziko lidasangalala ndi Yolanda Kaunda amene adakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika paudindo wa kaputeni wa ndege zonyamula anthu. Aphunzitsi ena a sayansi, amene ankaphunzitsa kwathu koma kwawo kudali cha ku Lirangwe, adachita chidwi ndi magulu awiri aja ndipo adaganiza zowaphatikiza kuti akhale bungwe limodzi. Cholinga chawo chidali chabwino. Ankati mutu umodzi susenza denga, ndipo bungwe lokhala ndi malamulo olembedwa lingathe kulembera makalata anthu akufuna kwabwino kuti alithandize ndi zipangizo. Adalemba malamulo atsopano oti agwire ntchito mbali zonse ziwiri: aliyense aloledwe kulowa, mnyamata kapena mtsikana, membala aliyense alipire K500 pateremu n'kulandira khadi, ndege ikhale ya amene waipanga, ndipo kamodzi pamwezi onse azikumana ku Chileka.

Kwa ine imeneyi idali mvula yogwa pa mbewu zofota. Achimwene adandilemba m'kope lomwe lija, ndipo anyamata amene ankaopa kusekedwa adazolowera pasanathe mwezi, makamaka ataona kuti ndege zanga zoyesedwa pazala zinkapitirira zawo. Atsikana ena atatu adalowa pambuyo panga. Lamulo lomwe gulu silikadalichotsa lokha lidachotsedwa ndi munthu wakunja m'tsiku limodzi.

Ku Lirangwe zinthu zidayenda mosiyana. Chaka cha 2016 chidali cha njala kaamba ka chilala, moti mu Epulo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Peter Mutharika, adalengeza kuti dziko lili pangozi. M'chaka chotere mwana sangaime pamaso pa amake n'kupempha K500 ya khadi la masewera, osanenanso za ndalama ya minibasi yopitira ku Chileka mwezi ndi mwezi. Pa ana oposa 20 aja, amene adalipira adali asanu. Asanuwo, pokhala ndi makhadi, sadaonenso chifukwa chothamangira ndege za anzawo m'minga, ndipo udindo wa wotola udatha. Lamulo lakuti ndege ndi ya woipanga litafika, aliyense adakatenga yake kudenga lija, ndipo zidutswa zomwe kale zinkazungulira m'manja mwa onse zidabalalikira m'nyumba zosiyanasiyana. Khomo lomwe munthu ankalowera ndi thukuta lidasanduka khomo lolowera ndi ndalama, m'mudzi momwe thukuta lidalipo lambiri koma ndalama ayi.

Msuweni wanga adali m'gulu la otsala panja. Nditapita patchuthi chotsatira ndidamupeza akuthandiza agogo kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Nditamuonetsa khadi langa adaliyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Aphunzitsi aja iwe adakutsegulira chitseko, ine adanditsekera, ndi kiyi mmodzi yemweyo." Sadalankhule mokwiya, koma sadafunenso kugwira ndege yomwe ndidamutengera. Chaka chotsatira aphunzitsiwo adasamutsidwira kuboma lina ndipo bungwe lija lidafera pomwepo. Gulu la ku Chileka lidabwerera ku K50 yake, atsikana tili momwemo. La ku Lirangwe silidadzukenso, pakuti kaputeni adali atapita kusekondale ndipo mwambo wa wotola, womwe unkalera atsogoleri atsopano, udali utaduka.

Kwa nthawi yaitali nkhaniyi inkandizunguza mutu. Ndikanena kuti magulu azisiyidwa kuti adzilamulire okha, ndiye kuti ndikuvomereza lamulo lomwe lidandikhazika pachulu. Ndikanena kuti wakunja azilamula, ndiye kuti ndikuvomereza khadi lomwe lidachotsa msuweni wanga. Mapanga awiri avumbwitsa. Njira yotulukira ndidaiona nditayamba kuwerenga za mayiko omwe akuluakulu amaulutsa tindege toyendetsa ndi rimoti ngati masewera, komwenso mkangano womwewu wakhalapo kwa zaka zambiri.

Ku America kuli bungwe la Academy of Model Aeronautics lomwe lidakhazikitsidwa mu 1936 ndipo likulu lake lili ku Muncie m'chigawo cha Indiana. Ku Britain kuli British Model Flying Association, yomwe mizu yake idayambira mu 1922, ndipo ku South Africa kuli South African Model Aircraft Association. Pansi pa mabungwe amenewa pali timagulu tam'madera tambirimbiri, kalikonse ndi bwalo lake. Ntchito adaigawa chonchi: boma limaika malamulo a mlengalenga, monga lakuti kandege kolemera magalamu 250 kapena kuposerapo kalembetsedwe, lomwe America idayamba mu 2015, ndi lakuti kasakwere kupitirira mamita pafupifupi 120 popanda chilolezo. Bungwe lalikulu limasamala za malangizo a chitetezo ndi inshulansi yolipirira munthu wovulazidwa kapena katundu woonongedwa. Koma za ndalama zosonkha, masiku okumana, kutchetcha udzu pabwalo ndi kalandiridwe ka mlendo, gulu lililonse limapanga lokha, chifukwa lendi ya bwalo la mumzinda siingafanane ndi ya bwalo la kumudzi. Mikangano imabuka pamene mbali ina yalowerera m'munda wa inzake.

Apa mpamene ndidazindikira kuti malamulo a gulu sali a mtundu umodzi, ndipo aliyense ali ndi mwini wake. Pali malamulo a mlengalenga, omwe mwini wake ndi boma, ndipo gulu lingowamvera. Pali malamulo a m'nyumba, monga kusonkha ndalama kapena thukuta, kusunga ndege pamodzi kapena payekhapayekha, omwe eni ake ndi mamembala chifukwa ndiwo amadziwa zomwe zili m'nkhokwe mwawo. Pakati pa awiriwa pali kalamulo kamodzi ka pakhomo, kakuti munthu asakanizidwe kulowa chifukwa cha mmene adabadwira. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 ali ndi mfundo zonse ziwiri: gawo 32 limapereka ufulu wopanga magulu ndipo limaletsa kukakamiza munthu kulowa gulu, pamene gawo 20 limaletsa tsankho, kuphatikizapo lotengera kuti munthu ndi wamwamuna kapena wamkazi. Aphunzitsi aja adachita bwino kugwetsa lamulo lachinayi la ku Chileka, chifukwa limenelo silidali la m'nyumba. Pomwe padavuta ndi pamene adalowa mpaka kuchipinda n'kuyamba kusuntha katundu wa eni ake. Akadafunsa a ku Lirangwe kuti munthu amalowa bwanji kwawo, akadapeza kuti malipiro adalipo kale, kungoti ankaperekedwa ndi mapazi.

Ena anganene kuti izi ndi nkhani za ana ndi mapesi, zosayenera kutayirapo inki pasukulu yaukachenjede. Koma dziko lathu lidalowa kale m'nyengo ya tindege topanda woyendetsa. Mu 2016 bungwe la UNICEF lidayesa kunyamula magazi okayezetsa a makanda pogwiritsa ntchito ma drone ku Lilongwe. Mu Juni 2017 boma pamodzi ndi bungweli adatsegula ku Kasungu dera loyeserako ma drone othandiza anthu, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege la kumeneko. Chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi akatswiri a sukulu ya Virginia Tech ya ku America, adapanga ndi kuulutsa kumeneko kandege kotchedwa EcoSoar, komwe thupi lake ndi la zipangizo zopepuka ndi zotsika mtengo, zosasiyana kwenikweni ndi zomwe tinkadula ndi lumo. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idatsegulidwa ku Lilongwe, ndipo mwa ophunzira 26 oyamba, oposa theka adali atsikana. Masewera a pakhonde aja tsopano ndi ntchito yopulumutsa miyoyo ndi yodyetsa mabanja.

Koma ophunzira oyambawo adali anthu amene adali kale ndi madigiri a sayansi ndi zaumisiri. Kuti munthu afike pakhomo lalikulu lotero amakhala atadutsa timakomo tambiri tating'onoting'ono, ndipo loyamba limakhala la gulu la ana a m'mudzi, komwe amakazindikira kuti manja ake angathe kupanga chinthu chouluka. M'mera mpoyamba. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, koma adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo chifukwa padali khomo limodzi lomwe silidamufunse ndalama, la kanyumba kosungiramo mabuku. Sitidziwa kuti ndi ana angati aluso ngati iye amene timawabweza ndi khadi la K500, pakuti wobwezedwa sachita phokoso, amangopita kukagulitsa tomato.

Pali mfundo ina yotsutsa yomwe ndiyenera kuilemekeza. Kandege ka mota weniweni si phesi. Pulopela yake imacheka chala, batire lake limatha kuyaka moto, ndipo kakagwera pagalimoto ya munthu pamafunika wina woyankha mlandu. Gulu lopanda kope ndi lopanda wamkulu wodziwika silingapatsidwe chilolezo choulutsa zoterezi, ndipo nkoyenera kutero. Pamene ma drone akutsika mtengo, tsiku likubwera lomwe achinyamata a ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Lirangwe adzafuna kupanga magulu enieni, ndipo adzayenera kulembetsa kwa oyang'anira za maulendo a ndege, kuuzidwa malire a bwalo la ndege ndi kusankha munthu wowaimira. Komabe kulembetsa gulu ndi kulilembera malamulo a m'nyumba ndi zinthu ziwiri zosiyana. Boma lingathe kufuna dzina la mtsogoleri ndi malo oulutsira popanda kunena kuti membala alipire zingati. Bungwe lalikulu lingathe kunena kuti gulu lililonse lipereke gawo lake la inshulansi, n'kulisiya gululo kuti lione lokha ngati lisonkhe ndalama, lilime dimba kapena lilole wosauka kulipira posesa bwalo.

Ambiri mwa ife amene tikuwerenga nkhani zino tidzakhala aphunzitsi, alangizi a achinyamata kapena ogwira ntchito m'mabungwe, ndipo tidzatumizidwa kumidzi titanyamula mafomu ndi zolinga zabwino. Kumeneko tidzapeza timagulu ta ana tomwe tidayamba tokha, ta mpira wachikulunga, ta zisudzo kapena ta ndege za mapesi, ndipo mtima udzatiuza kuti titikonze kuti tioneke ngati mabungwe. Safunsa adadya phula. Tisanatulutse cholembera tiyambe takhala pansi n'kufunsa anawo kuti munthu amalowa bwanji m'gulu lawo, ndi chifukwa chiyani amalowa chotero. Tikapeza lamulo loika moyo wa anthu pachiswe, tiliimitse tsiku lomwelo. Tikapeza lamulo lotsekera mwana kunja chifukwa ndi mtsikana, ndi wolumala kapena ndi wa mtundu wina, tilimbane nalo mpaka ligwe. Malamulo ena onsewo, ngakhale aoneke achilendo kwa ife, tiwasiyire eni ake, chifukwa nthawi zambiri ndi omwe akuchititsa kuti mwana wopanda ndalama akhalebe ndi malo pakati pa anzake.